Galu wa Apongozi

Ku Mlangeni, mukapatuka mumsewu wa tala n'kulunjika kumapiri, muona munda umodzi umene unakwera kuposa minda yonse mpaka kukagundana ndi miyala. Mundawo ndi wa a Nangozo, amene dzina lawo la ubatizo ndi Ida. Anzawo onse anathawako kalekale kumtundako, chifukwa nyani wa m'phiri limenelo saopa chitini, saopa legeni, ndipo munthu wamayi akamukuwa amangokhala pamwala n'kumadzikanda. Chimene ankaopa anyaniwo ndi agalu a malemu a Raphael, amuna awo a Nangozo.

Kunena zoona agaluwo sanali okongola. Anali ang'onoang'ono, ofiirira, nthiti zili pamtunda ngakhale adye bwanji. Koma nyani akatsika, iwo sankauwira patali ngati agalu a m'mudzi amene amauwa uku akuyang'ana njira yothawira. Ankamuzungulira mwakachetechete, wina kutsogolo wina kumbuyo, mpaka nyaniyo ataye chimanga n'kuyamba kuganiza za moyo wake. A Raphael anabwera nayo mbewu imeneyi kuchokera kwawo ku Tsangano pomwe ankadzakwatira. Katundu wawo yense anali khasu, bulangete ndi kagalu kali m'khwapa.

Pomwe matenda a mtima ankawatenga, pakhomopo panali patatsala galu mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Njuchi. Wina anagundidwa ndi minibasi, wina anafa ndi mabala a nyani, ena anapita ndi ukalamba. A Raphael anaziwoneratu zimenezi. Asanayambe kudwala anawoloka malire n'kukatenga kagalu kamphongo kwa alenje a ku Mozambique, nakatcha Mphenzi, n'kukapereka kwa mkamwini wawo kuti kakulire kumeneko. Ankati agalu okulira bwalo limodzi amazolowerana ngati pachibale, ndiye ndi bwino adzakumane atakula. Anamwalira Mphenzi asanayambe n'kukweza mwendo pokodza.

Choncho ntchito inatsala m'manja mwa a Nangozo, ndipo inali yomveka bwino. Njuchi anayenera kuswa ana a Mphenzi akadali ndi mphamvu zokwera nawo kumunda, chifukwa nzeru zozungulira nyani galu amaziphunzira kwa make. Mphenzi anali ndi mtima ndi chifuwa, koma nzeruzo zinali mwa Njuchi yekha. Akangofa osaswa, agalu a a Raphael atha, ndipo munda umene anathyola ndi manja awo ubwerera kwa anyani.

Vuto silinali mtunda. Mkamwiniyo, a Fyson a ku Champiti, amene anakwatira Cathy, chitsirizira cha a Nangozo, anamanga nyumba kutsidya kwa khwawa, poti munthu akatsokomola kwinaku amamveka. Vuto linali ulemu. A Fyson anali mkamwini wachikale m'thupi la mnyamata. Akakumana ndi apongozi awo panjira ankapatukira m'tchire, n'kunjuta, n'kupereka moni akuyang'ana mtengo. Mawu aliwonse ankadzera mwa Cathy, ngakhale obwereka nkhwangwa. A Nangozo nawo sankatchula dzina lawo. Ankangoti bambo a Mfundo, potengera mwana woyamba wa banjalo. Ndipo ankanyadira zimenezi kumjigo, poti akamwini a masiku ano amalowa mpaka kuchipinda kwa apongozi kukafuna potchajira foni.

Nanga nkhani yokweretsa agalu mungayiyambe bwanji ndi munthu wotere?

Kale zinali zosavuta. Njuchi ankafuna mphongo mango akamachita maluwa, n'kudzafunanso chimanga chikamamasula, osaphonya. A Raphael ankadziwa kuti timadontho ta magazi tikayamba kuoneka pakhonde, nthawi imakhala isanakwane, ngakhale amphongo a m'mudzi monse atadzaza kumpanda. Ankatenga kansanza koyera n'kumupukuta m'mawa uliwonse. Kakafiira, ankati adikire. Kakayamba kuoneka ngati madzi otsukira nyama, ankamukanda pamsana chakumchira, ndipo mchirawo ukapatukira pambali, ankati tsopano wavomera. Masiku ovomerawo amakhala ochepa, ukachita chidodo umapeza chitseko chatsekedwa. A Nangozo ankaziona zonsezi ndi diso la m'mbali akupeta ufa, n'kumanena kuti bambo wamkulu wopemphera sangamataye nthawi kunsi kwa mchira wa galu. Sanadziwe kuti akuphunzira.

A Raphael atapita, Njuchi anasokonekera. Kaya ndi chisoni, kaya ndi ukalamba, palibe anganene. Mango anachita maluwa, maluwa anayoyoka, iye ali phee. Anadzayamba nthawi yososa, dzuwa likuswa mtengo, wina aliyense ataiwala. A Nangozo ataona madontho anamutsekera m'kanyumba kosungira makasu kuti agalu achabechabe asamupeze, kenaka anaitana Cathy. Anamuuza nkhaniyo maso ali pa nyemba zimene ankasankha, ndipo Cathy anaimvera maso ali kumapazi. Mayi ndi mwana wake wamkazi amakambirana zambiri, koma izi zinawalemera pakamwa onse awiri.

Uthenga unafika, ndipo a Fyson anati amva. Koma sakanabwera ndi mphongo pabwalo pa apongozi eni ake alipo. Anadikira tsiku limene a Nangozo anapita kumaliro kumudzi wina, n'kuzemba ndi Mphenzi ngati wakuba. Linali tsiku loyambirira zedi, Njuchi asanavomere, moti anamuluma Mphenzi khutu mpaka kuling'amba. Yankho linabwera kudzera mwa Cathy kuti galu wakana. A Nangozo anabweza mawu kuti ayesenso pakapita masiku, koma Cathy anadikira mpata wabwino wonenera, a Fyson nawo anadikira maliro ena, ndipo m'mudzimo simunafe munthu sabata imeneyo. Pakadafunda padajiwitsa galu. Pomwe ankadzakumananso, Njuchi anangomununkhiza mnzakeyo n'kukagona pamthunzi.

Kenaka panapita chaka chathunthu popanda kanthu. A Nangozo ankasesa khonde m'mawa uliwonse akuyang'ana pansi ngati munthu wotaya singano. Nyengo itabwera, inabwera mobisa, mkati mwa dzinja, yopanda dontho ndi limodzi lomwe. A Nangozo anangodzidzimuka ndi ndewu ya agalu kuseri kwa nkhokwe. Anamutsekera Njuchi msangamsanga, koma wotuma panalibe: Cathy anali kuchipatala ku Boma, kudikirira mlamu wake wodwala. Nambala ya a Fyson inalimo m'kafoni kawo, Cathy anaisunga yekha. A Nangozo anakanikiza mabatani mpaka dzinalo linaoneka, analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anabweza foniyo m'mpango. Akanati chiyani? Pomwe Cathy ankabwerako, agalu a m'mudzi anali atabalalika kale kumpanda.

Chaka chimenecho anyani anadya mizere yonse yakumtunda. Njuchi ankayesetsa, koma galu mmodzi sazungulira nyani, ndipo akabwerako ankagona tsiku lonse lilime lili panja. Cathy anayamba kunena kuti mundawo ausiye, azilima dimba lakumunsi ngati anzawo. A Nangozo ankamuyankha kuti akafuna kulamula munda ayambe wathyola wake.

Amene ananena poyera anali alangizi a ziweto, tsiku lobaya agalu katemera wa chiwewe pabwalo la sukulu. Anali mnyamata wa jombo zoyera, wosadziwa kutsitsa mawu. Anamuyasamitsa Njuchi, n'kuona mano operepeseka, nafunsa ngati akuswabe. Atamva mmene zinthu zikuyendera anapukusa mutu.

"Amayi, galuyu wakula. Akangofunanso mphongo musachedwe nazo. Ulendo umenewo ukapita, muiwale."

Panali anthu ambiri pamzerepo, ndipo a Nangozo anafuna nthaka iwameze. Koma mawuwo anapita nawo kunyumba, ndipo anawakhala pamtima ngati mwala.

Madontho anaonekanso m'nyengo yozizira, anthu atakolola, mwezi umene Njuchi sanayambe wafunapo mphongo chibadwire. Ulendo uno a Nangozo sanadikire munthu. Anang'amba kansanza ku bulauzi yakale yoyera, n'kupita ndi galu kuseri kwa bafa, nayang'ana uku ndi uku, n'kuwerama. Kansanza kanafiira. Anatumiratu mawu kutsidya kuti akhale okonzeka. Mawa lake kanafiiranso, mkuja chimodzimodzi. Tsiku lotsatira kanatuluka koyera mbee, ngati sikanakhudze kanthu. Mtundu wa madzi otsukira nyama uja sanauone. Anamukanda pamsana, mchira osasuntha. Kumpanda kunalibe galu ndi mmodzi yemwe.

Mantha anawagwira. Anaganiza kuti mwina maso awo aukalamba aphonya, nthawi ikutha kapena yatha kale. Cathy anali atalawirira ku Lizulu ndi matumba a kabichi. A Nangozo anaima pakati pa bwalo kanthawi, kenaka anamanga Njuchi chingwe m'khosi, anamangitsa chitenje m'chiuno, n'kutsika khwawa lija.

A Fyson ankasankha mbatatesi pakhonde. Atatukula mutu n'kuona amene akubwera, anadzuka mofulumira mpaka dengu linagubuduka, nayamba kulowera kuseri kwa nyumba.

"Bambo a Mfundo, musathawe. Ndabwera kwa inu."

Aka kanali koyamba kuwalankhula mwachindunji chikwatirire mwana wawo. A Fyson ananjuta pomwepo, nkhope atalozetsa kukhoma. A Nangozo ananena zimene anabwerera m'mawu ochepa, nawonso akuyang'ana denga la khola la nkhunda. Mkamwiniyo anapita kukamasula Mphenzi pamtengo wa pichesi pomwe ankakhala pa tcheni.

Sizinatenge nthawi. Mphenzi anafika ndi changu, anamuzungulira Njuchi, anamununkhiza. Njuchi anakhala pansi n'kuonetsa timano take totsalato. Mphenzi ananunkhizanso, anayetsemula, n'kupita kukamwa madzi. Anthu awiriwo anadikira, wina akuyang'ana kum'mawa wina kumadzulo, mpaka zinaonekeratu kuti palibe chodikira.

A Nangozo anakhala pa thumba la mbatatesi osapemphedwa. Ali pomwepo anaona khosi la Mphenzi. Ubweya unali utatha kuzungulira khosi lonse, pali zipsera zakale ndi zilonda zatsopano. Anafunsa chimene chinamudya galuyo.

A Fyson anayankha motsitsa, akukanda pansi ndi kamtengo. Anati Mphenzi ndi galu wofatsa, koma nthawi zina amapenga: amasiya kudya, amalira usana wonse atayang'ana kutsidya, amadula chingwe chilichonse. Anatero nthawi yososa ija, patapita masiku kuchokera pomwe analumidwa khutu. Anateronso dzinja lija Cathy ali kuchipatala, ndipo tsiku lina anadula n'kuthawa. Iwo anamuthamangira n'kukamugwira akukumba pansi pa chitseko cha kanyumba ka makasu, namunyamula pamapewa kubwerera naye. Tsiku lomwelo anakagula tcheni.

"Ndimaopa kuti angakachite zamanyazi pabwalo panu inu mukuona, amayi. Ndimati mungaganize kuti ndine munthu wopanda mwambo."

A Nangozo anatseka maso. Dzinja limenelo anali m'nyumba, foni ili m'manja, ndipo anamva ndithu galu akukanda chitseko, koma anayesa ndi agalu a m'mudzi, mpaka anaponya chikuni pawindo. Galu ankadziwa tsiku lake bwinobwino, kuposa kansanza, kuposa alangizi. Iwo anatsekera wamkazi podikira mphongo, mkamwini anamanga mphongo polemekeza iwo. Anafuna kukalipa, koma akanakalipira yani? Ulemu umenewu ndi womwe ankaunyadira kumjigo. Akuluakulu adati manyazi adapha lambe, ndipo tsiku limenelo anaumva mwambiwo kuwawa kwake.

"M'chotseni tcheni ameneyu," anatero potsiriza. "Azikagona kwathu, khosilo lipole. Kwachedwa kale, palibenso choopa."

Anabwerera kwawo agalu awiri akuwatsata. Madzulo ake anauza Cathy kuti mizere yakumtunda ija chaka chino sasosa. Cathy anayembekeza kuti akondwa kumva zimenezi, koma ataona nkhope ya amayi ake chimwemwecho sichinamubwerere. A Nangozo analira masiku amenewo, ndipo sankalirira galu. Pamaliro a a Raphael analira monga mwa mwambo, anthu atawagwira mapewa. Tsopano ankalira okha, chifukwa chinthu chimodzi chimene bamboyo anawasiyira kuti amalize chinawakanika. Kansanza kaja anakaponya pamoto, ndipo pakhonde ankangosesa osayang'ananso.

Panapita masabata angapo. Mphepo ya mwera inayamba kuchepa, khosi la Mphenzi linamera ubweya. Kenaka inafika nthawi yoti mphakati ukumane kwa a Nangozo, monga akhristu a m'deralo amasinthanirana makomo. Anasesa bwalo mpaka kumpanda, anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, anavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Amayi anakhala pamphasa, abambo pamipando, ndipo a Fyson anakhala kutali pa njerwa, chammbali, monga mwa masiku onse. Wapampando wa mphakati, a Silvester, munthu wamtali amene sanasekepo pagulu chilowere m'komiti, anatsegula Baibulo n'kuyamba kuwerenga.

Ali mkati mowerenga, agalu awiri aja anatulukira kuseri kwa nkhokwe akuthamangitsana ngati tiana. Anafika pakati penipeni pa bwalo, poyera, pomwe a Nangozo anasesa bwino kwambiri. Apo Njuchi anaima nji, miyendo atalimbitsa, mchira uli pambali.

A Nangozo anazindikira pomwepo. Nyengo ija sinathe ayi. Inangoyamba n'kubwerera, ndipo tsopano inali itabweranso yeniyeni, wina aliyense osaiyang'anira. Galu wamkota sakandira pachabe.

Amayi anayamba kukoka zitenje kumaso. Wina anatsamwa ndi phwete. A Silvester anakweza mawu ngati akuwerengera anthu a kutsidya kwa phiri, koma palibe ankamva. Posakhalitsa agaluwo anamatirirana monga amachitira agalu, wina atayang'ana uku wina uku, ndipo Mphenzi poona khamu la anthu anachita mantha n'kuyamba kukoka. Anali galu wamkulu, Njuchi wamng'ono ndi wokalamba, moti ankamukwekweretsa m'fumbi akulira mopyapyala. Mayi wina anathamangira ndowa ya madzi imene inali pakhonde. A Silvester anatseka Baibulo ndi chala m'kati, n'kutola chikuni.

A Nangozo ankadziwa kuti agalu otere ukawalekanitsa mokakamiza umavulaza onse awiri, ndipo zonse zimapita pachabe. Ankadziwanso kuti chimene achite pano chikafika kumjigo dzuwa lisanalowe, ndipo chidzakambidwa mpaka pamaliro awo. Anadzuka.

"Ikani pansi ndowayo."

Mayi uja anaima, madzi akutayikira kumapazi. A Silvester anati, "A Nangozo, pano pali mawu a Mulungu."

"Ndawamva, a Silvester, ndipo ndiwamvanso mukayambiranso. Koma galu ameneyu simumumenya."

Anadutsa pakati pa mphasa, nagwada m'fumbi ndi chitenje cha kutchalitchi chija, n'kukumbatira khosi la Njuchi. Galuyo ankanjenjemera thupi lonse. Anamugwira pachifuwa kuti asagwe, koma Mphenzi ankakokabe, maso ali pa chikuni, ndipo mphamvu zake sizinali zoti mayi wachikulire n'kulimbana nazo. Pabwalo ponsepo panali munthu mmodzi yekha amene galuyo ankamumvera. Munthuyo anali ataimirira kale pa njerwa paja, nkhope ili kumpanda, phazi limodzi litaloza njira ya kukhwawa.

"Fyson mwana wanga, bwera udzagwire galu wakoyu."

Cathy anagwira pakamwa. A Fyson anaima ngati sanamve, kenaka anatembenuka, nayenda pakati pa anthu onsewo maso ali pansi, n'kudzagwada. Anamugwira Mphenzi m'khosi ndi dzanja limodzi, lina akumusisita pamutu, akumulankhula motsitsa, ndipo galuyo anasiya kukoka. Njuchi anapumira m'mwamba n'kutsamiritsa mutu pamkono wa a Nangozo.

Anakhala choncho, mpongozi ndi mkamwini, mawondo ali m'fumbi limodzi, pakati pawo pali misana ya agalu awiri. Agalu akamatirirana sachita changu, ndipo panalibe chochita koma kudikira. A Silvester anayang'ana chikuni chili m'manja mwawo ngati sakudziwa amene wawapatsa, n'kuchiika pansi. A Fyson anasowa poika maso. Anayesa kumwamba, anayesa kunkhokwe, mpaka mosafuna anayang'ana nkhope ya apongozi awo, imene anali asanaionepo pafupi chotere. Misozi inali ikutsika mpaka kuchibwano kwa mayiwo, ndipo analibe dzanja loipukutira.

"Amayi," ananong'ona, "mizere yakumtunda ija musaisiye. Ndikakusoserani ine."

"Gwira galu kaye," anatero a Nangozo. "Usamuleke akoke."

Ndipo a Fyson anagwiritsa.